Firiji Yomwe Anaifunditsa Bulangete

Parafini amene anatsala m'chigubu anali wa sabata imodzi, pomwe wina ankayembekezeka kumapeto kwa mwezi, patali masabata atatu. Ndinachigwedeza chigubucho kawiri ngati kuti chibereka wina. Sichinabereke.

Munali mu Okutobala wa 1988, pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kufupi ndi Chiponde. Ine Ajira ndinali ndekha wa zaumoyo pa geti la msasawo. Ntchito yanga inali yoti mwana aliyense wochokera tsidya lija ndimubaye katemera wa chikuku asanalowe m'kati, chifukwa m'katimo chikuku chinali chitavuta. Mwezi umenewo wokha tinali titaika ana asanu ndi anayi. Sindinkachita kufunsa, manda awo ankaonekera pa zenera langa.

Katemera wa chikuku ndi bwana, safuna kutenthedwa. Akakhalitsa pamalo opitirira madigiri 8 amafa, ndipo amafa mwaulemu, osasintha mtundu, osanunkha. Iwe umangobaya mwana madzi, mayi ake n'kukuthokoza. Chomwe chinkamusunga wamoyo chinali firiji ya parafini, ya mtundu wodabwitsa uja woti umayatsa moto kumbuyo kwake, m'kati n'kumazizira.

Tsiku lomwelo woyendetsa lole ya chimanga anandipatsa kalata yochokera kwa a Blackson, amene ankatiyang'anira ku ofesi ya bungwe lathu ku Mangochi. Analemba kuti popeza parafini wasowa, Lachisanu la sabata yotsatira abwera kudzatenga firiji ndi katemera yense kukasunga ku ofesi. Ana azidzabayidwa galimoto ikabwera, kamodzi pa mwezi.

Kamodzi pa mwezi! Ngati kuti chikuku chimayang'ana kalendala. A Blackson sanali munthu woipa, ndinene zoona. Ankavala tayi ngakhale mu Okutobala, mabolopeni atatu m'thumba la malaya, ndipo ankaopa pepala kuposa maliro. Ndinapsa mtima moti ndinatukwana mokweza, ndili ndekha m'chipinda.

"Anesi, mukukangana ndi firiji kapena ndi kalata?"

Pa zenera panali bambo wowonda, wa imvi zochepa, atanyamula ndowa. Ndinkamuona tsiku ndi tsiku akupita ku mjigo, ndipo nthawi zonse ankasuzumira m'chipinda mwanga. Ndinkayesa ndi mwa abambo aja osamva kukula. Kani sankayang'ana ine, ankayang'ana firiji.

"Ndine Luciano," anatero m'Chinyanja cha kwawo ku nyanja. "Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukonza mafiriji a nsomba ku Metangula, kwathu ku Mozambique. Lawi lanulo ndi lachikasu, likudya parafini pachabe. Lizikhala lobiriwira."

"Lachikasu kapena lobiriwira, bambo, sabata yamawa lizima."

"Nanga firijiyo inakuuzani kuti imafuna parafini?"

Ndinawayang'ana ngati amisala. Anatula ndowa, n'kupempha kulowa. Lamulo linali loti wothawa nkhondo asagwire katundu wa bungwe. Ndinaliganizira lamulolo kwa nthawi yongokwana kumeza malovu, kenako ndinatsegula chitseko. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Anagwada kumbuyo kwa firiji n'kumaloza chimodzichimodzi. Pansi panali paipi yomwe lawi linkawotcha. M'menemo, anati, muli madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa amoniya. Moto ukawotcha, amoniya amathawa m'madzimo n'kukwera m'mwamba ngati nthunzi. Akafika pa timalata tambiri tondandalika kumbuyoko, tomwe iwo ankatitchula kuti nthiti, amataya kutentha kwake mu mphepo n'kusanduka madzi. Akatero amatsikira m'kati mwa firiji, n'kuumanso, ndipo pouma amayamwa kutentha kwa zonse zili m'katimo, monga thukuta limaziziritsira thupi. Kenako madzi aja amawamwanso, ulendo n'kuyambiranso.

"Ndiye mwaona, anesi, ilibe injini, ilibe dzino. Imangofuna zinthu ziwiri: phazi litenthe kwambiri, nthiti zizizire. Yemwe watenthetsa phazilo siimufunsa dzina." Analoza panja, pomwe dzuwa linali likuswa mtengo. "Uyo akutiwotcha ulere. Agwireko ntchito."

Anati masana tiziwotcha paipiyo ndi dzuwa mpaka mabotolo a madzi m'kabokosi ka pamwamba aume gwaa, ndipo dzuwa likalowa tiziyatsa kalawi kakang'ono chabe. Potero parafini wa sabata imodzi akhoza kutifikitsa kumapeto kwa mwezi.

"Akhoza, kapena atifikitsa?" ndinafunsa.

"Akhoza. Sindikunamizani. Dzuwa likatipatsa ndowa khumi za kutentha, zisanu zitayika pa malata, chifukwa malata si galasi. Ziwiri iba mphepo. Zitatu ndi zomwe zifike pa paipi. Pa zitatuzo, imodzi yokha ndiyo isanduke kuzizira, ndipo imodziyo ndi ya tsiku labwino."

"Ndowa khumi, kupindula imodzi? Si umphawi umenewo?"

"Ndi umphawi, inde. Koma chitsime chake sichiphwa. Nkhondo yathu ndi yoti imodziyo isatayikenso."

Chovuta chinali chakuti dzuwa silikanalowa m'chipinda. Pankafunika kuboola khoma kuti msana wa firiji usuzumire panja. A Luciano anaima ndi khasu m'manja, akuyang'ana njerwa za bungwe, osamenya. Ndinawamvetsa. Iwo akanati aboole, akanawatchula wowononga n'kuwasamutsa. Ndinawalanda khasulo n'kumenya ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zotsalazo tinachita ndi amayi a mu msasa. A Luciano analuka chinthu cha nsungwi chonga lichero, chachikulu moti munthu akanagonamo, ndipo amayi sanachedwe kuchitcha lichero la a Luciano. Anatolera zitini za mafuta ophikira a chithandizo, kuzidula, kuziwongola, n'kuzikhoma m'kati mwake mbali yowala ili kunja. Panja, kunsi kwa chiboo chija, tinakumba dzenje n'kukhazikamo licherolo mopendekeka, kuti kuwala konse kusonkhane pa kachitsulo kopakidwa mwaye komwe anakamangirira pa phazi la paipi. Pamwamba pa nthiti anaikapo kadenga ka udzu, m'mbali mosatseka.

Tsiku loyamba tinachita manyazi. Tinazimitsa parafini m'mawa, ndipo pofika masana kagalasi koyezera kutentha kanali pa 9, kakukwerabe. Ndinayatsanso lawi mtima uli m'malere. Anthu omwe anabwera kudzaonerera anabwerera akuseka, ena akuti anesi apenga limodzi ndi Mpwitikizi wawo.

Amene sanaseke anali Abiti Sulemani, mayi wachikulire wochokera ku Mandimba, wamasiye, wosadumpha swala (mapemphero a Chisilamu), wa pakamwa pakuthwa kuposa panga. Anayandikira lichero, n'kupaka chala pa malata, n'kuchiyang'ana.

"Che Luciano, malata awa mwatsuka ndinu?"

"Ndine, amayi."

"Zikuoneka. Mbale yotere kwathu sitipatsira ngakhale mlendo wobwera kudzalonjerera ngongole." Anatembenukira kwa amayi anzawo. "Tengani phulusa ndi mchenga wa ku dambo, wosalala uja. Amuna amadziwa kukhoma, kutsuka ayi."

Anakwecha malatawo amayi asanu ndi mmodzi, kuyambira mchenga, kenako phulusa, kumalizira ndi nsanza youma, mpaka munthu sukanayang'anamo. Ena anabweretsa tizidutswa ta magalasi odziyang'anira tomwe anathawa nato, a Luciano n'kutimata pakati. M'mawa mwake kadontho ka kuwala kanali kakang'ono ngati chikhatho cha mwana, ndipo udzu womwe ndinaikapo unafuka nthawi yomweyo. A Luciano anagunditsa khutu pa paipi, n'kundikodola. M'katimo munkamveka kubwata pang'onopang'ono. Pofika masana kagalasi kanali pa 6, parafini osayatsa.

Ndinabaya ana khumi ndi anayi tsiku limenelo ndi katemera wozizidwa ndi dzuwa, ndipo ndinkangoseka ndekha ngati chitsiru. Amayi anagawana maola, chifukwa dzuwa limayenda, ndipo kadontho kakachoka pa chitsulo pankafunika wina wosuntha lichero pang'ono. Abiti Sulemani anadziika okha kukhala kapitawo. Kwa masiku asanu zonse zinayenda, ndipo ndinayamba kukonzekera mawu okometsera omwe ndidzawauze a Blackson. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti abwere, kunali kalembera. Mwamuna aliyense anayenera kukaima pa bwalo kuti awerengedwe, apo ayi banja lake lichotsedwa pa mndandanda wa chakudya. A Luciano anapita m'mamawa. Cha m'ma teni koloko anandiitana kumapeto kwa msasa, komwe mtsikana wina anali pa uchembere wovuta. Ndinasiya firiji ili pa 5, Abiti Sulemani ali pa lichero.

Ndinabwerako cha m'ma fili koloko, mwana atabadwa, ine nditatopa ngati galu. Kunja kunali kukuwomba chimphepo cha fumbi. Ndisanamwe n'madzi omwe ndinayang'ana kagalasi. Kanali pa 14.

Ndinathamangira kuseri. Lichero linali bwinobwino, kadontho kali pamalo pake. Koma nthiti za firiji sizinkaoneka. Zinali zitafunditsidwa bulangete lotuwa la chithandizo, lopindidwa pawiri, lofinyiridwa m'mbali mosamala, ndipo mbali yomwe kunkachokera mphepo kunali kutatchingidwa ndi mphasa. Abiti Sulemani anali atakhala pambali, akuwerenga tasibihi yawo, mikanda ija yopempherera, ndi nkhope ya munthu amene wagwira ntchito yabwino.

"Anganga! Mwachita chiyani?"

"Yadwala, mwanangu," anayankha modekha. "Ndinaigwira kumsanaku, ikutentha ngati mwana wa chikuku. Ndiye mphepo iyi? Mphepo ikamuomba wa chikuku, nthenda imabwerera m'kati. Ndaifunditsa langa lomwe, ine ndigona ndi chitenje."

Mwambo umenewu ndinali nditalimbana nawo kuyambira tsiku lomwe ndinafika. Mwana akagwidwa chikuku, amamutsekera m'nyumba, kumufunditsa zonse zomwe ali nazo, osamusambitsa, osalola kamphepo, thupi likutentha ngati mbaula. Ndinali nditalankhula mpaka mawu kusasa. Lero mwambowo unali utandilowera mpaka m'firiji.

Ndinalisolola bulangetelo n'kuliponya pa fumbi. Nthiti zinali zotentha zosagwirika.

"Ana mukuwaphika m'mabulangete sakukukwanirani?" ndinakalipa. "Mwati muphenso ndi mankhwala omwe?"

Mawu akatuluka sabwerera. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mwa manda asanu ndi anayi aja, amodzi anali a mdzukulu wawo, ndipo anamwalira ali m'bulangete lomwelo. Abiti Sulemani anaimirira pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Ndalera ana asanu ndi atatu ndi manja awa," anatero. "Iwe wabereka angati?"

Mkwiyo wanga unali usanathe, ndipo sindikudziwa chomwe ndikananena a Luciano akanapanda kutulukira, chala chili chakuda ndi inki ya kalembera. Anayang'ana bulangete, anayang'ana mphasa, n'kumvetsa zonse. Sanakalipe. Anachotsa mphasayo, mphepo n'kuyamba kudutsa.

"Amayi, tatambasulani dzanja pamwamba apa, osakhudza." Abiti Sulemani anakana kaye, kenako anatambasula. "Mukumva mpweya wotentha ukukwera? Kumeneko si kudwala. Ndi kutentha kwa m'kati kukutuluka. Nakonso n'kothawa kwawo ngati ife. Mukakutsekera malire, kumabwerera kukapha a m'nyumba."

Mayiwo anatola bulangete lawo, kulikutumula, n'kupita nalo ku mjigo. Ndinkayesa apita osabweranso. Patapita kanthawi anabwera nalo likudontha madzi, atalichapa fumbi lomwe ndinaliponyamo. Mwina pofuna kuti ndilione, analiyanika pa mtengo wa kadenga kaja, mbali yomwe kunkachokera mphepo, pafupi ndi nthiti koma osakhudza. Anakhalanso pa lichero, atandifulatira.

Ndinalowa m'chipinda kukadikira kagalasi. Kanatsika kufika pa 12, kenako 10, mofulumira kuposa masiku onse. A Luciano anazungulira kuseri kawiri, akukanda mutu. Kenako ndinawamva akuseka.

"Anesi, tabwerani mudzagwire mphepo iyi!"

Mphepo yodutsa m'bulangete lonyowa inkafika pa nthiti itazizira ngati ya m'mawa. A Luciano anati nthiti zikazizira chonchi, ndowa imodzi ija imakhala imodzi ndi theka. "Ku Metangula tinali ndi nyanja yoziziritsira," anatero. "Kuno tili ndi bulangete la amayi. Lisaume, chonde."

"Likauma ndilinyowetsa," anatero Abiti Sulemani, akulankhula ndi a Luciano osati ine. "Koma ena aphunzire kulankhula ndi akulu."

Ndinagwada pa fumbi pomwepo n'kupepesa. Anandisiya ndili chigwadire kwa nthawi yokwana kusuntha lichero kawiri, kenako anati ndidzuke, ndikudetsa yunifolomu ya eni ake.

Panatsala pepala. Pa chitseko cha firiji pankakhala tchati chomwe ndinkalembapo madigiri kawiri pa tsiku. Ndinaima ndi bolopeni m'manja. Ndikanalemba 6, palibe akanadziwa. Ndikalemba 14, ndiye kuti ndawapatsa a Blackson ndodo yondimenyera. Koma m'bokosi la katemera munali kakhadi kokhala ndi timawindo tomwe timasanduka tabuluu katemera akatenthedwa. Ndinakayang'ana. Windo loyamba linali litada pangodya pokha, ndipo malinga ndi malamulo awo omwewo, katemerayo anali wamoyo. Ndinaganiza kuti ngati ndimenyane nawo, ndimenyane ndilibe bodza m'thumba. Ndinalemba 14, manambala akuluakulu.

A Blackson anafika Lachisanu dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yaing'ono ya lole kumbuyo, yoyendetsedwa ndi a Ibrahimu. Kumbuyoko anali atayalako matiresi akale ndi zingwe, malo a firiji. Anatsika, anakonza tayi, ndipo chinthu choyamba kuchiona chinali chiboo pa khoma.

"Mayi Ajira, ichi n'chiyani?"

"Ndi windo, bwana. Ndaboola ndine."

Anazungulira kuseri n'kupeza lichero likuthwanima, bulangete likudontha, ndi mayi wachikulire atagwira nsungwi ngati chiwongolero. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Ndinawalowetsa m'chipinda n'kuwaonetsa kagalasi. Kanali pa 4, lawi lozimitsa. Ndinawaonetsa chigubu cha parafini, choposa theka. Ndinawaonetsa kakhadi. Koma maso awo anakakamira pa tchati.

"Dzulo 14."

"Inde, kwa maola ochepa. Tinalakwitsa, takonza. Kakhadi kakuti katemera ali bwino."

"Ndani wapanga zimenezi? Inu simungathe."

"Ndine, bwana," anatero a Luciano ali pa khomo, ngakhale ndinali nditawauza kuti abisale.

"Wothawa nkhondo, kugwira katundu wa bungwe!" A Blackson anatulutsa bolopeni imodzi mwa zitatu zija. "Mayi Ajira, buku la firijiyi likuti parafini. Silikutchula lichero. Mwana akafa atabayidwa katemera wa mu lichero, adzafunsa ine."

"Nanga asanu ndi anayi aja, anafunsa ndani? Tasuzumirani pa zenerapo. Pano afika khumi ndi mmodzi."

Sanasuzumire. Anaitana a Ibrahimu ndi amuna awiri omwe anali chapafupi kuti anyamule firiji. Ine ndinaima pa khomo, koma ndinkadziwa kuti thupi langa silingatchinge amuna atatu. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinkadana nawo manthawo.

Abiti Sulemani anaitana mayi wina kuti agwire lichero. Analowa m'chipinda, kundikankhira pambali ngati nsalu ya pa khomo, anayala mkeka wawo wa swala patsogolo pa firiji, n'kukhala pansi atatsamira chitseko chake. Anakonza mpango kumutu n'kutulutsa tasibihi.

"Amayi, tipatseni mpata," anatero a Blackson.

"Ndatopa, baba. Ndikupuma."

"A Ibrahimu, athandizeni kudzuka."

A Ibrahimu, bambo wa ndevu zake ndi kofia kumutu, anayang'ana mayiwo, n'kubweza manja kumbuyo. "Bwana, awa ndi amayi a eni, amasiye, ali pa mkeka. Ine dzanja langa silingawakhudze. Wallahi, ngakhale mundichotse ntchito." Amuna awiri aja anali atazemba kale.

A Blackson anati adikira. Anakhala pa benchi ya odwala n'kuyamba kulemba, thukuta likudontha pa pepala. Analemba dzina langa, anafunsa la a Luciano, n'kulilembanso. Panja amayi ankachulukirachulukira, osaimba, osakuwa, kungokhala pansi kuzungulira galimoto. Ola linatha. Mayi wa pa lichero ankasuntha, wina ankathira madzi pa bulangete, ndipo kagalasi sikanasunthe pa 4.

Kenako tinamva lole. Inali yochokera ku malire, yodzaza anthu omwe anayenda masiku anayi m'tchire. Anatsika mwakachetechete monga ankatsikira onse, ndi mitolo kumutu, mapazi otupa, ana ali kumsana ndi m'manja. Ndinawerenga ana makumi atatu ndi mmodzi.

"Anganga, tasunthani pang'ono," ndinatero. Anapendekeka, ndinatsegula chitseko, n'kutulutsa timabotolo tiwiri.

"Mayi Ajira, sindinaloleze," anatero a Blackson.

"Lembani kuti simunaloleze."

Ndinayamba kubaya pa khonde, iwo akuona. Wachisanu ndi chiwiri pa mzere anali mayi wamng'ono, dzina lake Khadija, atagwira kamtsikana ka zaka ziwiri pa dzanja, wina ali kumsana atafunditsidwa mpaka kumutu. Kamtsikanako, Subira, ndinakayang'ana m'maso, m'kamwa, kuseri kwa makutu. Kanali bwino. Ndinakabaya, kanalira, ndipo kulirako kunandikoma.

"Uyunso, anesi," anatero Khadija akumasula nsalu.

Anali mnyamata wa zaka zinayi. Maso ofiira omatana, milomo yosweka, zidzolo thupi lonse, ndipo ankapuma mokoka, nthiti zikulowa m'kati. Sindinafunike choyezera.

"Uyu katemera samuthandiza, mayi. Chamupeza kale. Akufunika chipatala chachikulu, lero lomwe."

"Mubayeni basi. Mwabaya mnzakeyu."

"Sizithandiza."

Anandiyang'ana ngati ndamumana dala. Palibe chinandiwawa pa ntchito imeneyo kuposa maso amenewo. Ndinatembenuka, n'kuona matiresi aja kumbuyo kwa galimoto, oyalidwa bwino, akudikira firiji. Sindinapemphe. Ndinamunyamula mwanayo, amayi anandipatsa njira, ndinamugoneka pa matiresipo, n'kumukweza Khadija pambali pake. Ndinamuchotsa nsalu zonse zomufunditsa, n'kupatsa mayi ake kansalu konyowa koti azimupukuta.

"Bwana," ndinatero, "malo kumbuyoku ndi a katundu mmodzi. Sankhani. Mukafuna firiji, mutsitseni nokha mwanayu."

A Blackson anayandikira n'kuyang'ana. Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kuona chikuku chenicheni, chopanda inki. Kenako anabweza bolopeni m'thumba.

"Nkhaniyi sinathe," anatero. "Mulandira kalata."

"Ndikudziwa kuwerenga, bwana."

A Ibrahimu anali ataliza kale injini. Khadija anakuwa kuti nanga Subira, ndipo Abiti Sulemani, omwe tsopano anali atatuluka, anamunyamula mwanayo n'kumuika m'chiuno. "Pita, mwanangu. Uyu umupeza." Galimoto inanyamuka, ine ndinabwerera pa khonde, pomwe ana makumi awiri ndi atatu ankadikira.

Kalata inafika Lolemba. Inati ntchito yanga yaimitsidwa kufikira nkhani itaunikidwa, ndipo firiji isagwiritsidwe ntchito. Sinatchule yemwe adzabaye ana m'malo mwanga, chifukwa panalibe. M'mawa umenewo a Luciano ankadandaula kuti firiji yapendekeka pang'ono, ndipo ikapendekeka madzi a m'mapaipi sayenda bwino. Ndinaipinda kalatayo kanayi n'kuilowetsa pansi pa mwendo wa kumanzere. Inakwana ndendende. Tsiku limenelo ndinabaya ana khumi ndi asanu ndi awiri.

Khadija anabwerako Lachiwiri pa lole ya chimanga. Anatsika yekha, nsalu ili yopinda m'manja. Mnyamata uja anamwalira Lamlungu, ndipo anamuika konko, pakati pa anthu osawadziwa. Sanalire pondiuza. Anangofunsa kuti winayo ali kuti.

Ndinapita naye kuseri. Subira anali atakhala pa miyendo ya Abiti Sulemani pafupi ndi lichero, akunyambita chala cha phala. Khadija anagwada, anamuvula kadiresi, n'kuyamba kumufufuza. Anayang'ana kuseri kwa makutu, m'khosi, pamimba, kumsana. Anamutsegula zikope, anamuyasamitsa. Atamaliza anayambiranso, pang'onopang'ono, ndi nsonga za zala.

"Adwala?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Anakhala limodzi ndi mchimwene wake, ndiye tidikire masiku khumi. Koma ndikuganiza kuti uyu tamupeza msanga."

Anagwedeza mutu. Anatambasula nsalu ija, yomwe anaberekera mnyamata masiku anayi m'tchire, anaikutumula kamodzi, n'kuberekera Subira. Anamanga mfundo pachifuwa, anaikoka, anaimanganso kachiwiri, ndipo mpamene anayamba kulira.